Mbuna imagulidwa ndi dzina la kwawo

Aliyense wogulitsa mpunga mumsika wa Lilongwe kapena wa Limbe akudziwa kuti mawu akuti "Kilombero wa ku Karonga" ndi ndalama. Thumba lomwelo, kulemera komweko, koma mukangotchula dzinali mtengo umakwera ndipo kasitomala sanenerera kwambiri. Akudziwanso zimene zimachitika wina akathira Faya pansi n'kuvundikira ndi Kilombero pamwamba. Amadya phindu tsiku limodzi, koma mayi uja akakaphika n'kupeza kuti mphika sukununkhira, benchi yonse imatchuka ndi mbiri ya kuba. Sabata ino ndikufuna tikambirane za katundu wina amene amayenda ndi lamulo lomweli, ngakhale ambiri a ife sitimuwerengera ngati katundu. Ndikunena tinsomba tokongola ta m'miyala ya nyanja yathu, timene anthu amaweta m'mathanki agalasi.

Mwezi watha ndinalowa m'shopu ina mu Lilongwe momwe amagulitsa zakudya za agalu ndi mbalame. Pakona panali thanki yodzaza ndi mbuna, zachikasu, zabuluu, zamizere, zonse pamodzi. Bambo wina wochokera kunja, amene zimaoneka kuti kwawo anawetapo nsombazi, anawerama n'kuloza imodzi.

"Iyi ndi ya mwala uti?" anafunsa m'Chichewa chake chothyokathyoka.

"Zonsezi ndi za kunyanja, bwana. Ku Salima," anayankha mnyamata wogulitsa.

Bamboyo anamwetulira, n'kunena kuti nsomba imeneyo kwawo ndi ku Likoma, ndipo inzake imene imaithamangitsa ikuoneka kuti bambo ake ndi mayi ake sanali a mtundu umodzi. Anagula kapaketi ka chakudya cha nsomba n'kutuluka. Mnyamatayo anandiyang'ana n'kuti, "Achimwene, nsomba si nsomba basi?"

Yankho langa kwa iye, komanso kwa inu nonse amene mukuganiza zolowa malondawa, ndi lakuti ayi. Pa mbale nsomba ndi nsomba. M'thanki yagalasi chimene munthu akugula ndi dzina la malo amene nsombayo inachokera. Wogulitsa wosadziwa dzinalo akutaya gawo lalikulu la mtengo wa katundu wake, ndipo wolipeka akuononga msika wa anzake onse.

Malonda amene tinawagonera

Bizinesi iyi si yatsopano m'dziko muno. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, malemu Stuart Grant ankatumiza nsombazi kunja kuchokera ku Kambiri Point, kufupi ndi Senga Bay m'boma la Salima, ndipo kampani yake inapitiriza ntchitoyi iye atamwalira mu 2007. Nsomba zimagwidwa zamoyo ndi anthu olowa pansi pa madzi ndi timaukonde, zimapumitsidwa m'mathanki, kenako zimaikidwa m'majumbo okhala ndi madzi pang'ono ndi mpweya wa okosijeni, n'kukwera ndege. Ku Germany, ku Britain, ku America ndi kwina kuli magulu a anthu amene amaweta nsomba za m'nyanja ya Malawi zokhazokha. Ena mwa iwo sanapondeko kuno, koma akhoza kukutchulirani miyala ya ku Chizumulu ngati ndi kwawo.

Khalidwe lofunsa kumene nsomba inachokera silinayambire pa nsomba zathu zokha. Oweta kunjaku ali ndi gulu la tinsomba timene amati dwarf cichlids, achibale a chambo ndi mbuna amene kawirikawiri sakula kupitirira masentimita 10. Totchuka kwambiri ndi ta mtundu wa Apistogramma ta ku South America ndi Pelvicachromis ta kumadzulo kwa Africa. Nsomba ya Apistogramma agassizii yochokera ku Tefé m'dziko la Brazil imalembedwa padera ndi inzake ya ku Alenquer, ngakhale zonse ndi za m'chigwa cha mtsinje wa Amazon. Za ku Cameroon nazo zimagulitsidwa ndi maina a malo monga Moliwe, Lobe ndi Dehane. Oweta enieni sakweretsa yaimuna ya malo ena pa yaikazi ya malo ena. Timbuna tathu tating'onoting'ono, timene amati dwarf mbuna, timagulitsidwa mwa njira yomweyo, ndipo pa nkhaniyi ife tili ndi chuma choposa onsewo.

Chifukwa chake mwala uliwonse uli ndi mbewu yake

Akatswiri amati nyanja ya Malawi ili ndi mitundu yoposa 700 ya nsomba za m'banja la chambo ndi mbuna, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Chimene chimachititsa kuti mbuna zisiyane malo ndi malo ndi kakhalidwe kake. Mbuna imadya ndere ndi tizilombo ta pamiyala, imabisala m'miyala, imaswana m'miyala. Siikonda kudutsa pamchenga poyera kapena pamadzi akuya, chifukwa kumeneko kulibe pobisala. Komanso yaikazi imasunga mazira ndi ana m'kamwa kwa pafupifupi sabata zitatu, ndipo ikawalavula anawo amalowa m'ming'alu ya mwala womwewo. Sayandama ndi mafunde kupita kutali.

Ndiye chilumba chilichonse, ndi mulu uliwonse wa miyala wozunguliridwa ndi mchenga, zili ngati mudzi wotchingidwa ndi mtsinje wosaoloka. Anthu ake amakwatirana okhaokha kwa mibadwo yosawerengeka mpaka nkhope zawo zimasiyana ndi za mudzi wa tsidya lina. M'nyanja yotalika pafupifupi makilomita 580, midzi yotereyi ilipo yambirimbiri. Nsomba ya mtundu umodzi ikhoza kukhala ndi mbewu ya ku Nkhata Bay, mbewu ya ku Likoma ndi mbewu ya tsidya la Mozambique, iliyonse ndi maonekedwe ake. Alimi a nkhuku akudziwa kuti dzina la malo limasanduka dzina la mbewu: ndani sadziwa nkhuku za Mikolongwe?

Poyang'ana pofuna kusiyanitsa

Musanagule kapena kugulitsa, pali malo anayi oyenera kuponyapo diso.

Poyamba ndi chipsepse cha pamsana ndi pachipumi. Tengani kambuna kamizere kamene pamalonda kamadziwika kuti afra. Yaimuna ya ku Jalo Reef, kumbali ya Nkhotakota, imakhala yabuluu ndi mizere yakuda yoimirira, ndipo chipsepse cha pamsana chimakhala chachikasu. Ya ku Cobue, tsidya la Mozambique moyang'anizana ndi Likoma, chikasucho chimayambira pachipumi n'kuyenderera pamsana ngati yadzola. Thupi ndi lofanana, kukula ndi kofanana, koma pandandanda wa mitengo ndi katundu awiri osiyana. Chimodzimodzi Labidochromis caeruleus. Ya ku Nkhata Bay ndi yoyera, pomwe ya ku Lion's Cove, kumpoto kwa Nkhata Bay komweko, ndi yachikasu chowala ndi mzere wakuda pachipsepse cha pamsana. Mukaona yachikasu yopanda mzere wakudawo, yoderako ngati lalanje ndiponso ya kukamwa kobuntha, kayikirani kuti magazi ake ndi osakanizika.

Chachiwiri ndi mizere. Onani ngati ndi yoimirira kapena yogona, ngati ndi yowongoka kapena yodukaduka, komanso ngati mbali ziwiri za nsomba zikufanana. Saulosi yaimuna ndi demasoni zonse ndi zabuluu za mizere yoimirira. Maingano ya ku Likoma mizere yake ndi yogona, kuchokera kumutu kukafika kumchira. Mizere yopindika, yolumikizana kapena yosowa mbali imodzi kawirikawiri imasonyeza kuti makolo anali a mitundu iwiri, kapena kuti mbewuyo yakwatirana pachibale kwa nthawi yaitali m'mathanki.

Chachitatu, ndipo ichi ambiri amachiiwala, yang'anani yaikazi. Maso athu amathamangira yaimuna chifukwa ndiyo yowala, koma nthawi zambiri chinsinsi chili kwa yaikazi. Saulosi, imene imapezeka pa Taiwanee Reef pokha, kufupi ndi Chizumulu, yaikazi yake ndi yachikasu, ndipo ana onse amabadwa achikasu, aamuna n'kumasintha akamakula. Demasoni, ya ku Pombo Rocks kumbali ya Tanzania, yaimuna ndi yaikazi zonse ndi zabuluu. Maingano imasokonezedwa kwambiri ndi inzake yotchedwa johannii chifukwa zazimuna zake zimafanana. Koma maingano yaikazi ndi yabuluu ngati mwamuna wake, pomwe johannii yaikazi ndi yachikasu. Munthu akakugulitsani zazimuna zokhazokha, wakubisirani theka la umboni.

Chachinayi ndi kamwa ndi mano. Afra uja amafanana ndi mbuna ina yamizere yotchedwa zebra, koma mano a afra ndi osongoka, otalikirana ngati a galu, pomwe mano akutsogolo a zebra ali ndi nsonga ziwiri ndipo ndi othithikana. Izi zimafuna kagalasi kokuzira zinthu ndi dzanja lofatsa, ndipo si zoti muzichita pa nsomba iliyonse. Koma dziwani kuti kasitomala wodziwa akhoza kuyang'ana.

Diso lokha silikwana

Apa ndiye pagona mfundo yanga yaikulu. Zizindikiro zonsezi zimathandiza kugwira bodza, koma sizingakupatseni dzina la malo ngati dzinalo linatayika panjira. Nsomba ikagwidwa n'kuikidwa m'jumbo imachita mantha, maonekedwe ake amazilala. Yaimuna imene ikuopa inzake yamphamvu m'thanki imadzizimitsa mpaka kuoneka ngati yaikazi. Ana a mbewu zosiyana amafanana. Ndipo pa nsomba za mtundu wa Aulonocara, zimene kunja amazitcha peacock, vutoli ndi lalikulu zedi. Yaimuna ya ku Ngara m'boma la Karonga ndi yabuluu yofiirira kumimba ndi kumchira, ya ku Usisya ndi yachikasu ya mutu wabuluu ndi zipsepse zakuda, ya ku Benga ndi yachikasu. Koma zazikazi zake zonse ndi zotuwa zofanana, moti ngakhale amene akhala pantchitoyi zaka zambiri amavutika kuzilekanitsa zikangolowa m'ndowa imodzi. Mukasakaniza zazikazi za malo awiri, simudzazisankhulanso.

Palinso chinyengo cha pamsika. Alimi ena a nsombazi kunja amadyetsa tiana chakudya chosakaniza ndi mankhwala a mahomoni kuti tiwale tisanakule. Mukaona thanki imene nsomba zonse, zazing'ono ndi zazikulu, zikuwala ngati zazimuna zokhwima, kumbukirani chikomekome cha mkuyu. Pakapita sabata zingapo kuwalako kumatha, ndipo kasitomala amabwerera kwa inu, osati kwa amene anakuodetsani. Palinso nsomba zimene m'nyanja mulibe n'komwe, zopangidwa ndi oweta pokweretsa mitundu yosiyana, monga zimene amazitcha OB peacock ndi Dragon Blood. Kuzigulitsa si mlandu. Mlandu ndi kuzipatsa dzina la chilumba cha m'nyanja yathu.

Choncho dzina la malo limalembedwa tsiku logwira nsomba, pabwato pomwepo, ndipo limayenda ndi nsombayo kuchoka m'ndowa kupita m'thanki, kuchoka m'thanki kupita m'jumbo, mpaka pa lisiti. Ogulitsa mpunga akundimvetsa. Kilombero weniweni mumamudziwa ndi fungo ndi kutalika kwa njere, koma chimene chimakulimbitsani mtima ndi chakuti mukudziwa amene anakupikulitsani ndi kumene anakatenga.

Mmene mitengo imakhalira

Mukayang'ana ndandanda ya mitengo ya ogulitsa akunja, mudzaona nsomba imodzi italembedwa m'mizere ingapo. Pamwamba pamakhala yogwidwa m'nyanja, yokhala ndi dzina la malo, imene amailemba kuti F0 kapena wild. Yotsatira ndi F1, kutanthauza mwana wobadwira m'thanki kwa makolo awiri ogwidwa m'nyanja pamalo amodzi. Kenako F2, mdzukulu. Pansi pake pamabwera zoswedwa m'mafamu zimene zili ndi dzina la mtundu koma zopanda dzina la malo. Pansi penipeni pamakhala zosakaniza, zimene amangoti mixed, ndipo zimagulitsidwa mwachigulu pamtengo wotsikitsitsa. Nsomba ikataya dzina la kwawo imatsetsereka kuchoka pamzere woyamba kukagwera pamzere wotsiriza, ikadali yamoyo, ikadali yathanzi, ikadali yokongola. Chasintha ndi pepala lokha.

Ganizirani tsono kuti pamizere imeneyi ife tingapikisane pati. Pansipo ayi. Mafamu a ku Florida, a ku Czech Republic ndi a kum'mwera chakum'mawa kwa Asia amaswa mbuna zochuluka pamtengo umene ife sitingaufike, ndipo ali pafupi ndi ogula kapena ali ndi ndege zambiri. Chimene iwo alibe ndi nyanja. Sangathe kunena kuti kholo la nsomba iyi linagwidwa pamwala wakuti mwezi wakuti. Ife tingathe. Ndiye pamene mnyamata wa m'shopu uja akuti "zonsezi ndi za kunyanja", akutaya chinthu chokhacho chimene anzake a kunja sangachipange.

Tinaphunzirapo kale mowawa. Labidochromis caeruleus inalembedwa ndi katswiri Geoffrey Fryer mu 1956 kuchokera ku Nkhata Bay. Mbewu yake yachikasu ya ku Lion's Cove itadziwika, zochepa chabe zinatuluka m'dziko muno. M'zaka za m'ma 1980 zinakafika m'manja mwa Pierre Brichard, amene ankachita malonda a nsomba ku Burundi, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika. Iye anaziswa m'maiwe n'kuyamba kuzigulitsa, ndipo kwa kanthawi zinkayenda pamsika ndi dzina lakuti Labidochromis tanganicae, ngati kuti kwawo ndi ku Tanganyika. Lero kansomba kachikasuka ndi kamodzi mwa tinsomba togulidwa kwambiri m'mashopu a nsomba zoweta padziko lonse, koma pafupifupi tonse timaswedwa kunja. Nsomba yathu, ndalama za eni, ndipo pang'onong'ono dzina nalo likanapita.

Zimene otsutsa anganene

Ndikudziwa kuti ena mukuti: "Iwe mtolankhani, makasitomala athu si a ku Germany. Ndi mwini lodge, ndi ofesi, ndi bambo amene akufuna thanki pabalaza kuti ana azionera. Amenewo amafuna zowala basi." Izi n'zoona, ndipo sindikunena kuti muwakane. Gulitsani zosakaniza, koma nenani kuti ndi zosakaniza, pamtengo wa zosakaniza. Palibe manyazi pogulitsa Faya ngati Faya. Komatu kasitomala wa lero wosadziwa ndiye wa mawa wodziwa. Foni ili m'thumba mwake. Akajambula nsomba yake n'kuika pa Facebook, pasanathe ola wina amuuza kuti anamugulitsa haibulidi. Ndipo mwini lodge wa ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay amalandira alendo amene anabwera kuno chifukwa cha nsomba zomwezi. Thanki yolembedwa maina oona ndi yamtengo kwa iye kuposa ya chisawawa.

Ena munganene kuti kulekanitsa kumadya mpamba. Mathanki awiri m'malo mwa imodzi, mapampu awiri, magetsi amene ndi ovuta kale. Izinso n'zoona. Yankho lake ndi kuchepetsa mitundu. Wochita malonda wamng'ono asayese kusunga mitundu 15. Asankhe iwiri kapena itatu imene singakweretsane mosavuta chifukwa ndi yosiyana kwambiri maonekedwe, aidziwe bwino, adziwike nayo. Mumsika timadziwa mayi amene ndi wa nyemba za Nanyati zokhazokha, ndipo ofuna Nanyati amapita kwa iye mosafunsa.

Palinso amene anganene kuti maina a Chilatini ndi a azungu, ife atithandiza chiyani. Taonani bwino mainawo. Saulosi inatchulidwa mu 1990 ndi Ad Konings polemekeza Saulos Mwale, Mmalawi amene ankalowa pansi pa madzi kugwira nsombazi. Mu 2016 akatswiri anapatsa gulu lina la mbuna dzina lakuti Chindongo, mawu amene anawatenga kwa anthu a m'mbali mwa nyanja, moti dzina lonse la kansomba kaja tsopano ndi Chindongo saulosi. Maingano, Ngara, Usisya, Chilumba, Chipoka, Benga: awa ndi maina a kwathu. Munthu wa ku Berlin amachita kuwaloweza movutikira. Ife tinabadwa nawo, ndiye tiwanyoze bwanji?

Pamene phindu limasanduka tsoka

Ndisakunamizeni kuti nkhaniyi ndi ya phindu lokhalokha. Dzina la malo likakwera mtengo, malowo amakhala pangozi. Saulosi imakhala pa mwala umodzi wokha m'dziko lonse lapansi, ndipo yaikazi imaswa ana ochepa, kawirikawiri osapitirira 20 kapena 30 pa nthawi imodzi. Kugwira mopitirira muyeso kunaichepetsa kwambiri, moti bungwe la IUCN linaiika m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu, ndipo panafunika ntchito yoiswa m'mathanki n'kukaibwezera pamwala wake. Mu 2018 bungwe lomweli linaunika mitundu 458 ya nsomba za m'nyanja ya Malawi n'kupeza kuti 9 pa 100 iliyonse ili pachiopsezo chachikulu, kuphatikizapo mitundu itatu mwa inayi ya chambo. Wamalonda amene amakokolola mwala wonse chifukwa oda yabwera ali ngati mlimi wodya mbewu.

Tsoka lina ndi kutaya nsomba pamalo posakhala kwawo. Zaka za m'ma 1960 afra wochokera kumpoto kwa nyanja anatayidwa pa chilumba cha Thumbi West ku Cape Maclear, ndipo patapita nthawi mbuna zina zachilendo zinapezekanso pamenepo chifukwa cha malonda omwewa. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2004 anaonetsa kuti afra wobwerayo anakweretsana ndi zebra wa pamalopo. Palibe amene angalowe m'madzi n'kukasankhula zimenezo. Nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Choncho katundu akakukanikani kugulitsa, musakamukhuthulire m'nyanja pagombe lapafupi poganiza kuti mukuchita chifundo. Mpatseni woweta mnzanu, kapena msungeni mpaka atha.

Lamulo nalo lilipo. Malonda a nsomba zamoyo amafuna chilolezo cha nthambi ya boma yoona za usodzi, pansi pa lamulo loteteza ndi kuyendetsa za nsomba la 1997, ndipo kutumiza kunja kuli ndi zikalata zake. Pitani ku ofesi ya zausodzi ya m'boma lanu musanaononge ndalama pa mathanki. Dziwaninso kuti nkhalango yotetezedwa ya Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pandandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, imatetezanso madzi a mamita 100 kuchokera pagombe la malo ake. Zilumba za Thumbi West, Domwe, Mumbo, Boadzulu ndi Maleri zili m'menemo. Munthu akabwera usiku ndi chigubu n'kukuuzani kuti izi wagwira dzulo ku Maleri, dzina limenelo si lokwezera mtengo, ndi lokulowetsani m'mavuto.

Zoti muchite kuyambira mawa

Kwa amene muli kale pa malondawa, kapena mukufuna kuyamba mwalamulo, nazi zochepa zimene sizifuna ngongole ya kubanki.

Gulani kope. Nsomba iliyonse ikalowa, lembani tsiku, dzina la mtundu, malo amene inachokera, amene wakugulitsani, komanso ngati ndi yogwidwa m'nyanja kapena yobadwira m'thanki. Ngati wogulitsayo sakudziwa malo, lembani kuti malo sakudziwika. Musadzazepo dzina loganizira.

Lembani pa thanki iliyonse ndi cholembera chosafufutika, ndipo ndowa iliyonse ikhale ya malo amodzi. Kaukonde kamene mwavuulira m'thanki ina kayang'aneni musanakalowetse m'thanki ina, chifukwa tiana timakakamira m'makona. Yaikazi imene yafufuma kukhosi ili ndi mazira m'kamwa, ndipo ikachita mantha imalavula. Ana amenewo akalowa m'thanki yolakwika, kope lanu lanama.

Odani zazimuna ndi zazikazi pamodzi, kuchokera kwa munthu mmodzi, za malo amodzi. Pemphani kuona makolo. Woswa woona sakana kukuonetsani.

Musaweruze nsomba ili m'jumbo. Ipatseni masiku angapo m'thanki ya miyala ndi madzi abwino, idye, izolowere, kenako muijambule masana popanda magetsi a buluu amene amanamiza maso. Chithunzi chimenecho ndicho mutumize kwa kasitomala pa WhatsApp, pamodzi ndi cha yaikazi.

Musasakanize mbuna ndi tinsomba ta ku South America tija mukatipeza. Tambiri ta Apistogramma timafuna madzi ofewa a m'mitsinje ya m'nkhalango, pomwe mbuna zinazolowera madzi a m'nyanja yathu, ndipo ndi zandewu. Mudzataya katundu wodula chifukwa chofuna kusunga malo.

Pomaliza, ganizirani zoswa m'malo mogwira. Makolo ochepa ogulidwa mwalamulo kwa amene ali ndi chilolezo, a malo odziwika, akhoza kukupatsani ana a F1 chaka chonse popanda kukhudza mwala wa m'nyanja. Nyengo ya m'mbali mwa nyanja ndi yofunda yokha, pomwe woweta wa ku Ulaya amalipira magetsi otenthetsera madzi miyezi yambiri pachaka. Apa ndi pamene ndikuona mpata weniweni wa achinyamata a ku Salima, Nkhotakota, Nkhata Bay ndi Likoma. Ndikupemphanso a zausodzi kuti aganizire za kalata yotsimikizira kumene nsomba yachokera, imene woswa wamng'ono angaipeze mosavuta ku ofesi ya m'boma lake. Popanda kalata yotero, mawu a wamng'ono sakhulupirika kwa wogula wa kutali, ndipo malondawa adzakhalabe a anthu ochepa.

Sabata yatha ndinadutsanso pa shopu ija. Thanki inali yomweyo, nsomba zosakaniza zomwezo, koma pagalasi panali kapepala kolembedwa pamanja kuti "Zosakaniza, malo sakudziwika". Pambali pake panali kathanki kena kakang'ono, kopanda kanthu. Mnyamata uja anati akudikira maingano kuchokera kwa woswa wina amene walonjeza kumuonetsa makolo ake kaye, ndipo akapanda kuwaona sagula.